Atatu Amene Anasiya Fodya

"Nanga amene sanasiyewo, bwanji akuyendabe?"

Anafunsa ndi bambo wina wovala chijasi cha ulonda, ataima pakhonde la polisi pa Boma, ndipo sankafunsa munthu mmodzi. Anthu amene anabwera naye kuchokera ku esiteti ankangoyang'ana pachitseko. Wapolisi wa pakauntala anapitiriza kulemba zake. Cathy Mulipa, amene anali atangotsika minibasi ya ku Blantyre chikwama chili kumsana, yankho anali nalo, koma linali yankho lofuna bolodi, choko, ndi anthu oti adya kale. Anadutsa chamumbali n'kulowa.

Kafukufuku amene Cathy ankagwirako ntchito anali wofuna kuleza mtima. Zaka zingapo m'mbuyomo analemba anthu ogwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi m'munsi mwa phiri, osuta ndi osasuta omwe, ndipo kuyambira pamenepo ntchito inali kudikira. Chaka ndi chaka munthu ankazungulira m'makomboni kufunsa amene akusutabe, amene asiya ndi amene atsogola. Cathy, ali ku ofesi, ankaika anthuwo m'magulu potengera zaka zawo, kuti nkhalamba yosuta aiyerekeze ndi nkhalamba inzake yosasuta, osati ndi mnyamata wa dzulodzuloli, kenako n'kuona gulu limene maliro akufulumira. Mayi ake ankauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo anapita ku yunivesite kukaphunzira kuwerenga akufa. Sankanama kwenikweni.

Wozungulira m'makomboniyo anali Hopewell Khoviwa, bambo wa ana anayi, wobadwira pa esiteti pomwepo. Ankayenda pa njinga atatenga kamakina konga foni yakale, kamene munthu akapumiramo kamaonetsa ngati wasuta posachedwa. Tsopano amuna atatu amene anapumiramo, n'kumveka kuti asiya fodya, anamwalira motsatizana: a Mackson, Che Abdul, ndipo sabata yapitayo a Winston. Pamaliro a Winston wina ananena mokweza kuti m'kamakinako muli poizoni. Dzuwa lisanalowe mawindo a nyumba ya Hopewell anali pansi. Apolisi anamutenga poyamba kuti amupulumutse, kenako, anthu atabwera kudzadandaula, anamusunga.

Sajenti Pilato wa ofesi yofufuza milandu anali munthu wamkulu thupi, wolankhula ngati akusunga mawu ena a mawa. Anamulandira Cathy akudya mbatata yootcha ndi tiyi. Anamuuza mosabisa kuti iye za poizoni wa m'makina sankazikhulupirira, koma maliro atatu ndi maliro atatu, ndipo anthu ali pakhondewo sanabwere kudzaona maluwa. Tsikulo linali Lachisanu. Lolemba failo ipita kukhoti, ndipo mlandu wa imfa ukangolowa kukhoti, Hopewell apita ku rimandi, kumene munthu amalowa ana ali ku pulayimale n'kutuluka akulemba folomu foro. Kumumasula wopanda chowauza anthu kunali kumupereka kumoto.

Kamakina kaja kanali patebulo m'pepala la pulasitiki lochokera shuga. Cathy anapempha kuti akaone. Anakatulutsa, anakayatsa, anakoka mpweya n'kupumiramo mpaka m'maso munachita mdima.

Sajenti anamuyang'ana kwa kanthawi, akutafuna.

"Chabwino, achemwali. Mukakhala moyo Lolemba, ndidzalemba kuti mmodzi anapulumuka."

Anamulola kuti akafunse anamfedwa, popeza kufunsa za imfa inali ntchito ya kafukufukuyo kale. Anamulolanso kuona Hopewell pang'ono. Hopewell anali ndi bala pamwamba pa diso, ndipo sanafunse za mlandu. Anafunsa ngati mkazi wake Joice ndi ana akugonabe kwa abusa, ndi ngati wina anakumbuka kutsekera mbuzi. Cathy atamufunsa za a Winston, anati kunyumba kwawo anafikako komaliza ntchito yodulira tiyi isanayambe. Papita miyezi ngati iwiri.

Poizoni wodikira miyezi iwiri n'kudzapha tsiku limodzi, Cathy anali asanamumvepo. Koma anadziwanso kuti pakhonde paja palibe amene akanakhutira ndi zimenezo.

*

Chiperoni chinali chitaphimba phiri, ndipo m'komboni monse munkanunkha utsi wa nkhuni zonyowa. Mayi Rosie, mkazi wa malemu a Mackson, anamulandira ataimirira, manja ali m'chiuno. Anali mayi wa mawu omveka mpaka kumpopi, ndipo anafuna kuti amvekedi. Anati a kafukufuku abwera kudzawerenga ntchito ya manja awo. Anati amuna awo anasuta chingambwe kuyambira ali anyamata osadwalapo ngakhale chimfine, koma atangomvera Hopewell, dothi.

Cathy anakhala pa kampando kamene sanapatsidwe, n'kufunsa ngati Hopewell anali atawalangizapo kale a Mackson za kusiya.

Chaka chilichonse, anatero mayi Rosie. Chaka chilichonse ankabwera ndi kanjinga kake, ndipo chaka chilichonse a Mackson ankamuseka, n'kumuuza kuti agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki ndudu ili pakamwa, ndipo anafa ndi ukalamba.

"Ndiye chaka chino anamvera chifukwa chiyani, amayi?"

Mayi Rosie anayang'ana kwa anansi amene anali atayamba kusesa pabwalo posesedwa kale. Kenako anakhala pansi pakhonde, ndipo mawu awo anatsika mpaka Cathy anachita kusendera.

"Utsi unkawakana," anatero. "Akayatsa, kukoka kamodzi, chifuwa mpaka kukhala pansi."

Zinayamba mvula isanagwe, Hopewell asanafike n'komwe ndi ulendo wa chaka chino. Lamba anachita kumuboola ndi msomali kuti buluku lisagwe. Mipango yawo ya m'thumba mayi Rosie ankachapira kuseri, m'beseni, chifukwa kumpopi anthu akanaona mtundu wa madziwo. Kuchipatala a Mackson ankakana, ati akawalembera kuti sangagwire ntchito, ndipo nyumba ya kampani ipita. Hopewell atabwera, iwo anali atasiya kale. Anangomuuza kuti asiya chifukwa cha iye, kuti mwana wa eni ake asangalale.

Cathy anazidziwa zimenezi kuyambira ali m'kalasi. Munthu wathanzi sasiya fodya msanga. Amene amasiya mwadzidzidzi nthawi zambiri ndi amene thupi layamba kale kuwakana. Ukawerenga mosasamala, zimaoneka ngati kusiya n'kumene kumapha. N'chifukwa chake iye akamawerengetsa, imfa za anthu ongosiya kumene ankaziika pambali, kufikira patapita zaka zingapo. Pakompyuta unali mzere umodzi wa malamulo. Sanaganizepo kuti mzere umenewo ungathe kuswa mawindo a munthu.

Anayesa kufotokoza mofatsa. Mayi Rosie anamvetsera akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo atatha anati za a Mackson mwina zinali choncho. Koma mawu aja anabwereranso m'malo mwake.

"Nanga a Winston munawaona inu? Munthu wodulira mizere iwiri anzake ali pa umodzi. Sanatsokomolepo. M'mawa anadutsa apa akuimba mluzu, masana anadutsa atamunyamula."

*

Che Ashraf, mng'ono wa malemu Che Abdul, anali telala pa Chonde, pakhonde la sitolo ya zitsulo. Sanaimitse makina pamene Cathy ankadzifotokoza. Anangoloza benchi ndi chibwano.

Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo ochepawo ankawatulutsa pakati pa mizere ya ulusi. Anati iye kupolisi sanapiteko. Amene anapitako ndi akuchikazi, okonda misonkhano. Tsiku la munthu amalemba ndi Mulungu, osati Hopewell. Akulu ake anasiya fodya m'mwezi wa Ramadhani, ndipo anthu anawayamikira kuti alimba m'chipembedzo, koma iye ankaona kuti masitepe a pamzikiti akuwakwera mopumira. Ankagona chokhala. Mapazi anatupa mpaka nsapato zopitira ku mapemphero a Lachisanu anazisiya.

Cathy anafunsa ngati zimenezi zinayamba asanapumire m'kamakina kaja.

"Ine za makina anuwo sindidziwa, mama. Ndimadziwa chiuno. Buluku lawo ndinalibweza chaka chatha, ndinalibwezanso pa Khirisimasi, kenako nsalu yobweza inatha."

Awiri tsopano. Cathy anamva mtima ukupepuka, ndipo anali atanyamula kale chikwama pamene anafunsa, mongotsiriza, ngati a Winston ankawadziwa.

Che Ashraf anaimitsa makina. Anati ankawadziwa, chifukwa ankagwira gulu limodzi ndi akulu ake, ndipo ndiwo anabweretsa katundu wa malemu kuchokera ku esiteti. Tsiku limenelo anasiyanso jekete lawo kuti aliike chigamba pachigongono. Analowa m'sitolo n'kutuluka nalo, jekete lakuda lotuwa m'mapewa, limene mwini wake sanabwere kudzatenga. Anatembenuza thumba lam'kati pamwamba pa chikhatho cha Cathy.

Munagwa nyenyeswa za chingambwe, timapepala ta nyuzi todula bwinobwino, ndi machesi.

"Wosiya fodya ameneyo," anatero Che Ashraf, n'kuyambanso kupalasa.

*

Cathy anagona kwa azakhali ake pa Boma, ndipo m'mawa anadzuka nkhani itasintha maonekedwe. Anthu a pa esiteti anaika imfa zitatu m'dengu limodzi chifukwa zinkaoneka zofanana. Ziwiri zinali zofananadi: amuna odwala kwa nthawi yaitali, amene fodya anawamaliza pang'onopang'ono monga amachitira. Yachitatu sinali ya m'dengumo. A Winston sanali odwala, ndipo sanasiye. Fodya sapha munthu pakati pa m'mawa ndi masana. Pa chithunzi cha pakompyuta, imfa yotere ikanakhala kadontho kokhala patali pakokha, ndipo kadontho kotere sukafufuta, umapita kukakaona.

Mwana wa a Winston, Kondwelani, anali wakabaza pa Muloza. Cathy anamupeza pamzere wa njinga pafupi ndi chipata cha malire, pakati pa osintha ndalama amene ankamuitana kuti "mana, mana," ndiye kuti achemwali, akupukusa mipukutu ya metikashi ya ku Mozambiki. Anali mwamuna wamtali, wometa mpala wa maliro, wolankhula mofulumira ngati kasitomala amuthawa. Atamva kuti ndi wa kafukufuku nkhope inauma, koma Cathy atamuuza kuti amulipira ulendo wopita ndi kubwera osakwera njinga, anaseka n'kumutengera pansi pa mtengo wa mango.

Anafotokoza zimene anzawo a bambo ake anamuuza. Mdalayo anadulira bwinobwino mpaka nthawi yopuma. Anakhala pansi, anamwa thobwa lawo, ndipo asanabwerere pamzere anayamba kutuluka thukuta, kunja kukuzizira chonchija. Kenako kusanza, malovu osaleka, thupi kunjenjemera. Pofika nawo kuchipatala cha pa esiteti anali asakuzindikira munthu. Achibale anakana zong'amba mtembo; anati munthu wavutika kale.

Ali mkati molankhula anatulutsa ndudu ya ku Mozambiki kuseri kwa khutu n'kuyatsa. Anaona Cathy akuyang'ana.

"Musandilembe, sisi. Amayi akudziwa kuti ndinasiya."

Cathy anafunsa ngati bambo akenso "anasiya" chomwecho. Kondwelani anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi. Anati mdala ankasutira m'tiyi, atagwada pakati pa mizere ngati akupemphera, ndipo pobwera kunyumba ankatafuna masamba a bulugamu. Onse awiri analonjeza tsiku limodzi, Hopewell atangochoka, chifukwa amayi analira usiku wonse. Onse awiri sanathe sabata.

Ndipo iye, tsiku limene bambo ake anamwalira, anali kuti?

Pompano, anatero. Ndipotu uthenga unamupeza atagona pansi pa mtengo womwewu, m'mimba mukupota, mutu ukuzungulira. Anayesa malungo. Anzake ndiwo anamukweza panjinga kupita naye kumaliro a bambo ake, wakabaza kunyamulidwa ngati thumba la chimanga.

Cathy anafunsa chimene anadya m'mawa umenewo.

Palibe, anatero Kondwelani. Thobwa basi. Amayi amawathirira aliyense botolo lake m'mawa uliwonse, la mdala ndi lake. Koma la tsiku limenelo linali litasasa moipa, linkanunkha ngati mafuta a nyale. Anangomwa kamodzi n'kukhuthulira m'ngalande. Mdala ndiye sankataya chakudya, ngakhale chitavunda.

Ananena zimenezi akuyang'ana galimoto ya simenti imene inkadutsa pachipata. Cathy anadikira kuti adzimve yekha, koma sanadzimve, kapena sanafune. Ndiye anafunsa ngati mayi ake amabwera kuno kumalire kawirikawiri.

Ayi, anatero, sakonda phokoso. Kungoti sabata ya maliro isanafike anamupempha kuti awakweze, ati akufuna chitenje cha ku Milanje, kutsidya kwa malire. Anawaolotsa yekha, anawasiya pamsika, anawadikira.

"Chitenjecho anagula chamtundu wanji?"

Ndudu inapsa mpaka kufika pazala, ndipo Kondwelani anaitaya osayang'ana.

"Sanagule," anatero pang'onopang'ono. "Sisi, mukufuna kunena chiyani?"

Cathy anati sakufuna kunena kanthu, akungofunsa. Linali bodza loyamba limene ananena pa ulendowu, ndipo Kondwelani anakana ndalama yake.

*

Nyumba ya a Winston inali kumapeto kwa komboni, moyang'anana ndi munda wa tiyi wodulidwa kumene, timitengo take tili mbuu ngati mitu yometedwa. Achibale amene anatsala pamaliro anali atapita kuchigayo. Mayi Esteri, mkazi wa malemuyo, anali okha m'nyumba, atakhala pamphasa atatsamira khoma, mpango wakuda uli kumutu. Anali mayi wamng'ono thupi, wa manja okhakhala ndi ntchito yothyola tiyi. Anamulonjera Cathy m'Chilomwe, kenako ataona kuti wayankha mopunduka, anasinthira ku Chichewa mwaulemu, n'kumupatsa mpando wokhawo umene unali m'nyumbamo.

Panjira Cathy anali atakonza mafunso a thobwa, a botolo, a ulendo wa ku Milanje. Atakhala pampandopo anaona kuti onsewo anali mafunso a Sajenti Pilato. Iye anafunsa lina. Anapempha kuti amuuze zimene Hopewell ananena tsiku limene anabwera.

Mayi Esteri anati Hopewell anakhala pampando womwewo. Anawapumiritsa bambo m'kamakina, anamupumiritsanso Kondwelani, amene tsikulo anali pakhomo. Anaseka nawo, anamwa madzi. Ndiye ponyamuka ananena mawu aja.

"Anati, mwa anthu awiri amene amasuta osasiya, mmodzi fodya amamupha."

Cathy anawadziwa mawuwo. Ogwira ntchito m'makomboni onse anaphunzitsidwa kunena choncho, chifukwa anali mawu afupi, osavuta kukumbuka, ndiponso oona.

"Ndiye ine ndinayang'ana m'nyumba muno, mwanangu. Awiri anga ndi amenewa. Wina mwamuna wanga, wina ndinabereka ndekha. Ndinati, Ambuye, mutenga uti?"

Ankalankhula mosakweza, maso ali pamphasa. Anati anawadandaulira, ndipo analonjeza. Koma mkazi amene wachapa zovala za mwamuna zaka zonsezi sanganamizidwe ndi masamba a bulugamu. M'mawa uliwonse akamatuluka, wina ndi mpeni wodulira, wina ndi njinga, ankawayang'ana kumsana n'kumadzifunsa kuti ndi uti. Akaganiza kuti bola atsale mwana, ankachita manyazi pamaso pa bambo. Akaganiza za bambo, ankalephera kumuyang'ana mwana. Anasiya kudya. Kenako kuchigayo mayi wina anawauza za munthu wa kutsidya kwa malire amene amagulitsa mankhwala osiyitsa mowa, oti mkazi amangothira m'chakumwa mwakachetechete, mwamuna akamva fungo la kachasu n'kumasanza. Azimayi ambiri a m'makomboni anachitapo zimenezo, ndipo ena amuna awo lero ndi madikoni. Munthuyo anawauza kuti a fodya aliponso, amphamvu kuposa a mowa. Anawapatsa m'kabotolo kopanda dzina, n'kuti kachitsekero kamodzi pa munthu.

"Ndinathira mofanana," anatero mayi Esteri. "Sindinakondere."

Kunja nkhuku inkapalasa pakhomo. Cathy anapeza kuti wagwira chikwama chake mwamphamvu ngati wina akufuna kumulanda.

Mayiwo anapitiriza okha. Anati miyala imene inaswa mawindo a Hopewell iwo sanaponye nawo, ndipo pamene wina anakuwa za kamakina pamaliro, iwo anali m'nyumba, pakamwa patauma. Anamva kuti Hopewell ali m'chitolokosi. Mwana amene anakula akumuona, amene mayi ake ankathyola nawo tiyi mzere umodzi. M'mawa uliwonse chimwalirire bambo ankavala, n'kuyenda mpaka pamsewu wa tala kuti akwere ya pa Boma. Minibasi ikaima, miyendo inkakana, chifukwa Kondwelani anali asanadziwe, ndipo sankafuna kuti akamve kwa apolisi kapena pa wailesi. Chithere maliro amagona ku Muloza, n'kumabwera Lamulungu lokha kudzadya kunyumba. Ankati amuuza Lamulungu lapitalo, koma anamuona akudya, n'kulephera.

Kenako anakweza maso koyamba.

"Koma a Hopewell sananame. Mmodzi wapitadi."

Cathy akanatha kungokhala chete, ndipo pambuyo pake anaganizapo kambirimbiri ngati sikukanakhala chifundo kutero. Koma anali munthu wa ntchito yake. Anawauza, mofatsa monga akanathera, kuti mawu aja sankanena za nyumba imodzi. Ankanena za anthu zikwizikwi, owatsatira zaka makumi ambiri mpaka kukalamba. Pakati pa anthu ochuluka choncho, theka fodya amawafupikitsira moyo. Koma m'nyumba ya anthu awiri palibe amene amabwera kudzasankha. Zikhoza kugwera onse, kapena mmodzi, kapena osagwera aliyense.

Mayi Esteri anamvetsera mpaka kumapeto, milomo ikuyenda pang'ono ngati akubwereza.

"Ndiye akanatha kukalamba onse awiri?"

"Akanatha, amayi."

Sanalire. Anangowongola mpango kumutu, n'kuyala manja awo pamiyendo, n'kumawayang'ana. Patapita nthawi anafunsa ngati Cathy akupita kupolisi tsopano. Cathy anati akupita kukaona Hopewell. Mayiwo anagwedeza mutu. Sanapemphe kanthu, ngakhale tsiku limodzi. Anangodzuka n'kumuperekeza mpaka pakhomo, monga achitira ndi mlendo aliyense.

*

Anafika pa Boma dzuwa litapendeka. Anthu a pakhonde aja anali atachepa, koma bambo wa chijasi anali pomwepo, atakhala pa njerwa. Kuseri kwa polisi, Joice anali atabweretsa chakudya ndi bulangeti, ndipo wapolisi wachifundo anamulola Hopewell kudyera pabenchi panja. Joice anali atapita kumpopi kukatsuka mbale. Cathy anakhala kumapeto kwa benchiyo n'kumuuza zonse motsitsa mawu: lamba wa a Mackson, buluku la Che Abdul, thumba la jekete, mabotolo awiri a thobwa. Anamuuza kuti zatha, atuluka. Kabotolo kaja mwina kakadali m'nyumba, ndipo Kondwelani ndi mboni ngakhale asakufuna.

Hopewell anamvetsera osamudula. Atafika pa mayi Esteri, anasiya kupukuta m'manja. Anapempha kuti abwereze mawu amene mayiwo anati iye ananena. Cathy anabwereza. Hopewell anayang'ana kuphiri, kumene mtambo unali utayamba kutseguka, ndipo anati mawu amenewo wawanena m'nyumba iliyonse ya pa esiteti, nthawi zina akuseka.

Anafunsa ngati Kondwelani akudziwa. Cathy anati akuganizira, koma sanauzidwe. Mayi ake akufuna kumuuza okha mawa akabwera kudzadya, ngati angathe. Sabata yatha analephera. Anamukumbutsanso kuti miyendo imene yawakana mayiwo sabata yonse ikhoza kuwakananso, ndipo failo siidikira miyendo ya munthu.

Joice anabwera ndi mbale zonyowa n'kuyamba kuzilongedza m'dengu, akudandaula kuti wamng'ono sakugona, akungofunsa bambo ake. Nthawi yomweyo Sajenti Pilato anatulukira pakona, makiyi akulira m'thumba, jekete lili paphewa ngati munthu woweruka.

"Achemwali, ndikuona mukadali moyo. Mwapeza chiyani? Ngati chilipo chogwirika, nenani, munthuyu akagone ndi ana ake lero."

Joice anasiya mbale. Cathy anakoka mpweya kuti ayambe.

"Sanamalize kufunsa, bwana," anatero Hopewell. "Abwera mawa madzulo. Ine lero ndigona momwemuno."

Anatenga bulangeti pabenchi, analipinda pakati, n'kupita kukaima pachitseko cha chitolokosi kudikira kuti amutsegulire.